Getsi la Masana

"Wakananso," anatero Matildah, atakwera pa ndowa yovundikira kuti mutu wake uonekere pamwamba pa mpanda. "Ndamuponyera kansomba, wangokayang'ana ngati ndamutukwana."

Tiwale, mnzake wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana nayo, anali kuyanika zovala za ana a abwana ake. Anatsitsa masiki mpaka pachibwano n'kuyamba kuseka.

"Wakana ndani? Kamba uja?"

"Si kamba, ndi nkhasi. Ndikuuze kangati? Kamba ndi wakumtunda, uyu ndi wam'madzi. Ndipo ali ndi dzina, ndi Nangozo."

"Pepani kwambiri a Nangozo," anatero Tiwale akugwira m'mawondo ngati akupereka ulemu kwa apongozi. "Koma amwali, waiwala kuti uno ndi mwezi wa Ramadani? Mwina akusala. Anakulira m'nyumba ya Chisilamu amenewo."

Matildah anaseka nawo, koma mtima unali m'malere. Nangozo anali atatha masiku ambirimbiri osalawa kanthu, ndipo zimenezi sizinali zoseketsa.

Nyumba yonse ija ya ku Mirdif, mumzinda wa Dubai, inali m'manja mwa Matildah yekha. Bwana Karim ndi madamu Salma anapita kwawo ku Jordan kukaona mayi awo odwala, akuti kasabata kamodzi basi. Ali komweko matenda a kolona anavuta, ndege zinaima, ndipo mzinda wa Dubai unalowa m'bindikiro. Kasabata kaja kanatalika mpaka kukhala miyezi.

Tisanamizane, Matildah sankadandaula nazo. Chiyambire ntchito ya m'nyumba anali asanapumepo chonchi. Zotsuka zinali mbale yake ndi kapu yake. Ankadzuka popanda womuitana, kukolopa nyumba yoyera kale, kenako n'kumaimba nyimbo za kwaya mokweza pabalaza pomwe kale ankadutsa monyang'ama. Zakudya madamu ankaitanitsa pa foni ali ku Jordan, anyamata a njinga zamoto n'kudzazisiya pageti. Panja Matildah ankatuluka pokhapokha akafuna kucheza ndi Tiwale pampanda, pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuno silicheza ndi munthu.

Ntchito yeniyeni imene anamusiyira inali m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Bwana Karim ankagwira ntchito ya muofesi, koma mtima wawo unali mmenemo. Ankaweta nkhasi m'mathanki agalasi, n'kumagulitsa tiana take kumashopu a ziweto. Matildah atamva koyamba kuti kuno anthu amagula nkhasi kuti azingoiyang'ana, osaidya, anagwira pakamwa. M'kachipindamo sankalowamo, bwana ankasamaliramo okha. Analowamo koyamba tsiku la ulendo, galimoto yopita ku bwalo la ndege ikuliza hutala panja. Bwana anamuonetsa mothamanga chakudya, kasinthidwe ka madzi, kenako analoza mababu olendewera pamwamba pa mathanki.

"Magetsi awa ndi ofunika kwambiri, Matildah. Aziyaka tsiku lililonse," anatero m'Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chiluya. Kenako anagogoda thanki yaikulu momwe munali nkhasi yaikazi, mayi wa tiana tonse tija. "Uyu ndi Sultana. Ndinayamba kumulera ali wofanana ndi chitsekerero cha botolo. Ndakusiyira m'manja. Yalla, tachedwa."

Dzina la Sultana silinakhalitse. Nkhasiyo inali ndi kayang'anidwe konyoza ngati ka azakhali ake a Matildah, a Nangozo, ndiye dzina linangodzigwera lokha.

Mmawa woyamba Matildah atalowa m'kachipindamo anapeza mababu onse akuyaka, dzuwa lili phwee panja, kuwala kukulowa bwinobwino pawindo. Madzulo atapitanso anapeza onse azima okha, nkhasi zili mumdima. Anafufuza n'kupeza kuti mawaya onse akulowa m'kabokosi koyera kokhala ndi manambala ngati wotchi, ndipo kabokosiko ndi kamene kanalumikizidwa kukhoma.

"Kakabokosi aka kazungulira mutu," anadziuza. "Kakuyatsa masana, usiku n'kuzimitsa. Bwana akanakhalapo akanakataya."

Apa tiyenera kumumvetsa Matildah. Munthu wokulira m'nyumba ya mayi ake, mayi Zefaniya, ku Ndirande sangadutse pa babu loyaka masana dzanja osayabwa. Mayi aja ankatha kumva ali kumsika kuti kunyumba wina wayatsa getsi dzuwa lisanalowe. "Mukufuna kuona chiyani chimene Mulungu sanakuonetseni?" ankafunsa choncho, patapata ali kale m'manja. Ana awo onse anakula akudziwa kuti getsi ndi la usiku, ndipo kuliyatsa masana ndi uchitsiru wa anthu osadziwa kusamala za eni.

Ndiye Matildah anazula kabokosi kaja, nakaika pashelefu, n'kuyamba kuyendetsa magetsi yekha mwanzeru zake. Masana onse mababu ankakhala ozima. Dzuwa likamalowa ankawayatsa kanthawi, podyetsa nkhasi zija. Akamaliza ankawazimitsa, chifukwa ankatentha ngati mbaula ndipo zinali zoonekeratu kuti amadya magetsi. Koma sakanasiya ziweto za eni mumdima, ndiye ankayatsa getsi lalitali la kudenga kuti liziyaka mpaka kucha, monga amachitira kwawo ndi babu la pakhonde. Bwana Karim ankaimba foni ya vidiyo madzulo nthawi zonse, akatha kudya, nthawi yomwe mababu aja ankakhala akuyaka.

"Magetsi akuyaka?"

"Tsiku lililonse, bwana. Onani."

"Shukran, zikomo, Matildah. Uli ndi manja abwino."

Mawu amenewo ankamukoma, ndipo ankagona nawo mosangalala.

Atachoka pampanda mmawa umenewo, Matildah analowanso m'kachipindamo. Nangozo anali pansi pa madzi pakona, zikope zitatupa, osasuntha. Kansomba kaja kanali kuyandama pomwe anakaponya. M'thanki ya tiana, kamodzi kanali chagada. Anakatola. Kanali katafa, ndipo chigoba chake chinabonyoka pakati pa zala zake ngati chitumbuwa. Anatola kena kamoyo n'kukadina pang'ono, nakonso kanali kofewa. Matildah anakhala pansi pomwepo. Anachita mantha, ndipo anamva chisoni chenicheni, chifukwa tizilomboti anali atatizolowera. M'nyumba yaikulu chonchija, ndi tokhati tomwe tinkamuyang'ana akamayankhula.

Cha m'ma masana belu la pageti linalira. Anali Potiphar, Mmalawi wa ku Nkhotakota wogwira ntchito pashopu ina ya ziweto yomwe inkagula tiana ta nkhasi kwa bwana Karim. Ankadziwana ndi Matildah kumapemphero a Lachisanu, matenda asanatseke matchalitchi. Tsopano anamuika pa galimoto yoperekera katundu m'makomo, ndipo bwana Karim anamutuma pa foni kuti abweretse matumba a chakudya cha nkhasi.

"Achemwali, muli moyo?" anafuula ali ndi masiki ndi magolovesi, thumba lili paphewa. "Ife kukampu ya antchito ku Sonapur tikugona mopanikizana ngati machesi, inu muli ndi nyumba yonse nokha. Mulungu ali ndi ana ake okondedwa."

"Lowani, achimwene, koma muime patali. Ndipo mundithandize, ziweto za eni zikundifera."

Potiphar anapaka sanitaiza m'manja n'kumutsatira. Atafika pakhomo la kachipindako anaima, natsitsa thumba pang'onopang'ono.

"Kodi kuno magetsi athima?"

"Ku Dubai magetsi amathima? Ndazimitsa ndine. Si masana ano?"

Potiphar anayang'ana mababu, anayang'ana kabokosi kali pashelefu waya atakulungidwa bwinobwino, kenako anayang'ana Matildah.

"Achemwali, kabokosi aka anazula ndani?"

"Ndine. Kanali kowonongeka. Kamayatsa masana."

"Mayo ine!" Potiphar anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndiye kuti chichokereni abwana, mababuwa masana sayaka?"

"Amayaka madzulo ndikamazidyetsa. Usiku ndimazisiyira la kudengali."

"Usiku wonse?"

"Mpaka kucha. Ndizisiye mumdima ngati akaidi?"

Potiphar anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka lokha m'masikimo. Anaseka mpaka kutsamira khoma. Matildah anakwiya.

"Mukuseka chiyani? Ine kamwana kandifera mmawa uno."

Kuseka kunatha. Potiphar anayang'ana kankhasi kakufa kaja, kamene Matildah anakakulunga m'kansalu, n'kupukusa mutu.

"Pepani, achemwali. Koma mwazimitsa dzuwa. Mababu awa si oonera ayi. Kushopu kwathunso alipo, ndipo nanenso tsiku loyamba ndinazimitsa, bwana wa Chimwenye anatsala pang'ono kundimeza. Ili lotenthali ndi lofunditsa thupi kuti chakudya chigayike. Linali limatulutsa mphamvu ngati ya dzuwa, yolimbitsa chigoba ndi mafupa. Simunaziwonepo nkhasi kumtsinje zitakwera pamwala kapena pachipika masana?"

Matildah anakumbukira. Anali ataziwonapo, ali mwana, popita kukachapa kumudzi kwa bambo ake. Zinkandandalika pamwala makosi atasolola, munthu ukayandikira zonse n'kugwera m'madzi.

"Zimawothera dzuwa," anatero motsitsa mawu.

"Basi. Ndiye muno mulibe dzuwa, muli eyakoni yozizira ngati mochale. Babu ndiye dzuwa lawo."

"Nanga windoli? Kuwala kukulowatu."

"Kuwala kokha. Mphamvu ija pagalasi sidutsa, amatero odziwa. Ndiye usiku, nthawi yoti zigone, inu mukuziyatsira getsi. Mwazisandutsa alonda, achemwali. Zikugwira shifiti ya usiku popanda ofu."

Potiphar anatenga kabokosi kaja, anatembenuza kawotchi kake kuti kagwirizane ndi nthawi ya pa foni, n'kukabwezera kukhoma. Mababu onse anayaka. Dzanja la Matildah linayabwa lokha, ndipo analibisa m'thumba la epuloni.

"Zichira?"

"Inshallah. Tina tating'onoti sindikudziwa, afunsidwe adokotala a ziweto. Mmawa kwambiri, kusanatenthe, muzizitulutsa panja m'beseni ziwothere lenileni. Kanthawi kochepa, ndipo mbali ina ya beseni ikhale pamthunzi, apo ayi muziphika." Ananyamuka, koma pageti anatembenuka. "Nanunso nkhope yatuwa, achemwali. Dzuwa munaliona liti?"

"Pitani, achimwene, makasitomala akudikira."

Galimoto itangochoka, Matildah anakwera pa ndowa yake ija n'kuitana Tiwale. Anamufotokozera zonse, osabisa. Tiwale anamvetsera maso ali kukhomo la kukhitchini kuopa madamu ake.

"Ndiye vuto lili pati? Kabokosi kabwerera, magetsi akuyaka. Khalas, nkhani yatha."

"Ndiyenera kuwauza bwana."

"Uwauze chiyani? Amwali, uli bwinobwino? Kamba sakamba nkhani. Kakufako kakwirire m'maluwa, tiana tambirimbiri ngati timeneto adzatiwerenga ndani? Ino si nthawi yotaya ntchito, ndege kulibe, ukagona kuti?"

"Ndi nkhasi, si kamba."

"Nayonso siyankhula!"

Matildah anatsika pandowa. Mawu a Tiwale anali ndi nzeru, ndipo iye anadziwa kuti mnzakeyo akumufunira zabwino. Anabwerera m'kachipinda muja. Tiana tingapo tinali titayamba kale kukwawira pamwala, pansi pa babu, timakosi titasolola. Nangozo yekha anali pomwe paja, pansi pa madzi. Matildah anamuyang'ana nthawi yaitali. Amene ankadziwa mankhwala ndi dokotala wa Nangozo anali bwana Karim, ndipo sakanathandiza pa matenda amene sanauzidwe chiyambi chake. Anatulutsa foni n'kuimba, kwa nthawi yoyamba masana.

Bwana anayankha ndi nkhope yodabwa, milomo itauma ndi kusala. Matildah anaonetsa kankhasi kakufa, anaonetsa Nangozo, kenako anaonetsa kabokosi n'kunena zomwe anachita. Ananena mwachidule.

"Unazula?" anafunsa bwana. "Chifukwa chiyani?"

"Kwathu getsi sitiyatsa masana, bwana. Ndimaganiza kuti ndikukusamalirani."

Bwana Karim anatsegula pakamwa, anatsekanso, n'kunena mawu ena a Chiluya amene Matildah sanawamve ndipo sanafune kuwamva. Foni inaduka.

Masana amenewo Matildah sanadye. Anakolopa pabalaza kawiri, osaimba nyimbo. Dzuwa litapendeka foni inalira, ndipo anali madamu Salma.

"Abwana ako ali pakhonde, akungozungulira," anatero madamu. "Akwiya nawe, komanso adzikwiyira okha. Ine ndawauza kuti munthu sufotokoza zinthu hutala akulira. Dikira, akubwera."

Nkhope ya bwana inaonekera. Sanamwetulire.

"Mawa adokotala akuimbira pa vidiyo, uwaonetse zonse. Potiphar abweretsa mankhwala a m'maso ndi ufa wothira m'chakudya. Kabokosiko usakakhudzenso, wamva? Ngakhale kataimba nyimbo."

"Ndamva, bwana."

"Sultana akadya, undiimbire. Nthawi iliyonse."

Za ntchito sananene kanthu, kaya ikhalapo kaya ayi, ndipo Matildah sanafunse.

Kuyambira tsiku lotsatira moyo wa m'nyumbamo unasintha. Kukangocha, mpweya usanayambe kuwotcha, Matildah ankanyamula mabeseni ochapira n'kuwandandalika pabwalo la kuseri, pafupi ndi mtengo wa kanjedza. Ankathiramo madzi pang'ono, kuikamo njerwa, n'kuphimba mbali imodzi ndi katoni. Tiana tinkakwera panjerwa, kutambasula timiyendo takumbuyo ngati anthu olemera pagombe. Nangozo anali ndi beseni lakelake, lalikulu lochapira mabulangete. Poti sakanazisiya zokha kuopa amphaka ndi akhwangwala, Matildah ankakhala pambali pampando, kapu ya tiyi m'manja, miyendo itatambasulidwa padzuwa. Mawondo amene ankamuwawa masabata apitawo anayamba kumasuka, kaya ndi dzuwalo kaya ndi kunyamula mabeseni. Anayamba kuikonda nthawi imeneyi kuposa ina iliyonse.

"Taonani famu ya a Zefaniya," ankatero Tiwale pampanda. "Ukadzabwerera kumudzi udzawauze kuti ku Dubai unali m'busa wa akamba."

"Nkhasi."

"Ee, zomwezo."

Tiana tina tiwiri tinafa sabata yomweyo, ndipo Matildah anawauza bwana tsiku lomwelo. Totsalato tinayamba kulimbirana chakudya. Maso a Nangozo anaphwa ndi mankhwala aja. Anayamba kukwera panjerwa yekha, n'kumuyang'ana Matildah monyoza ngati kale, koma chakudya ankachidutsa. Madzulo, kabokosi kakazimitsa mababu, Matildah ankatseka chitseko n'kuzisiya mumdima. Poyamba zinkamupweteka mtima, ankaona ngati akuzilanga.

Chovuta kwambiri chinali dzanja. Akalowa m'kachipindamo masana n'kuona mababu akuyaka, dzanja linkapita lokha kukhoma iye akuganiza zina. Tsiku lina anazindikira chala chili kale pa swichi. Anapita kukhitchini, anatenga pulasitala wa pachilonda, n'kumata pa swichiyo mopingasa.

Kutatsala masiku ochepa kuti Ramadani ithe, mmawa wina Matildah anaponya kansomba m'beseni la Nangozo mwachizolowezi, n'kutembenuka kuti atole kapu yake. Anamva madzi kuti khuvu. Atacheuka, mchira wokha wa kansomba ndi umene unkaoneka pakamwa pa Nangozo. Matildah anakuwa mpaka Tiwale anatulukira pampanda ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Chachitika n'chiyani?"

"Wadya! Nangozo wadya!"

"Ndinakuuza kuti akusala. Aona mwezi msanga amenewo."

Matildah anaimba foni manja akunyowa. Bwana Karim anayankha ali m'tulo, tsitsi lili nyankhalala. Matildah sanapereke ngakhale moni, anangolozetsa foni kubeseni n'kuponya kansomba kena. Nangozo anakayang'ana, anaganiza kaye monga mwa ulemu wake, kenako anasolola khosi n'kukakhwatula. Ku Jordan kunamveka kuwomba m'manja ndi mawu a madamu akufunsa chomwe chachitika. Bwana anapukuta m'maso ndi chala.

"Mashallah, Sultana," anatero. "Kodi iwe umamutchula kuti chiyani? Ndinamva tsiku lija."

"Nangozo, bwana. Ndi dzina la azakhali anga."

"Nan-go-zo." Analitafuna dzinalo n'kuseka. "Ndege zikatseguka tikabwera, m'kachipindamo uzilowa ndiwe. Ndikuphunzitsa zonse bwinobwino, popanda hutala."

Tsiku limenelo Matildah anaimba nyimbo za kwaya mpaka mawu kusasa. Dzuwa lili pamutu anakhala pa kampando m'kachipinda ka nkhasi n'kuimbira mayi ake ku Ndirande, kuti amve za kolona kumeneko komanso kuti chimwemwe chake chipeze kolowera. Mayi Zefaniya anafotokoza za masiki osokedwa ndi chitenje, za ndowa zosambira m'manja pakhomo la tchalitchi, za mitengo ya zinthu kumsika. Ali pakati pa nkhani anaima, mawu awo n'kutalikira pa foni.

"Iwe Lily! Wayatsa getsi kubafako ndani? Kunja kuli dzuwa lonseli! Zimitsa msanga ndisanakupeze!" Kenako anabwerera pa foni akupuma mwamphamvu. "Ana a masiku ano, Matildah. Bola iwe ndinakulera bwino. Kumeneko ukusamala za eni?"

Matildah anayang'ana mababu akuyaka pamwamba pa mathanki, masana dzuwa likuswa mtengo. Nangozo anali pamwala wake pansi pa babu, khosi litasololoka, maso atatsinzina.

"Ndikusamala, amayi," anatero. "Ndikusamala kwambiri."